Kodi Njovu za Mtsinje wa Chongwe Nzayani?

TSIKU lililonse mabasi, malole ndi njinga zolemedwa ndi matumba a makala zimawoloka mlatho wa pa Chongwe, pamsewu wa Great East Road, makilomita pafupifupi 45 kum'maŵa kwa Lusaka. Oŵerengeka okha ndiwo amasuzumira pansi. M'chilimwe madzi a pamenepo amachepa kwambiri, ndipo nyama zimene mungawone m'mbali mwake ndizo mbuzi ndi ng'ombe. Komatu mtsinje womwewo, utatsika mapiri kuloŵera kum'mwera, umakathira mu Zambezi pamalo pamene njovu zimamwa, mvuu zimafwenthera usana wonse, ndipo anyalugwe amasaka usiku. Anthu amakwera ndege kuchokera kutsidya la nyanja kudzawona zimenezo.

Tsono tayesani ichi pamsonkhano wotsatira wa gulu lanu la achichepere. Funsani kuti: "Ndani pano anaiwonapo njovu yamoyo ndi maso ake, osati pa TV kapena pachithunzi?" Ndiyeno ŵerengani manja amene atukulidwa.

Kodi zinatheka bwanji kuti mwana wobadwira m'dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya, womwa madzi a Chongwe, akule kufikira kukwatira osaiwonapo nyama imene ili kumatsiriro a mtsinje wa kwawo? Yankho lake lili m'zochitika za zaka zoposa 160. Tiyeni tizilondole.

Pamene Zinyama Zinali Pakhomo

Dziko lozungulira Lusaka ndi Chongwe nla Asoli, amene mafumu awo ndi Nkomeshya, Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta. Kum'mwera kwake dzikolo limatsetsereka ndi mapiri amiyala kufikira ku chigwa chotentha cha Zambezi, kumene kuli Agoba a Mfumu Chiawa. Kale zinyama zinali ponseponse, kumtunda ndi kuchigwa komwe.

Mu December 1855, David Livingstone ndi amuna oposa 100 amene Sekeletu, mfumu ya Amakololo, anampatsa, anafika pamapiri oyang'ana chigwa cha Kafue, kufupi ndi kumene mtsinjewo umathira mu Zambezi. M'buku lake lotchedwa Missionary Travels, lofalitsidwa mu 1857, iye anasimba kuti pamenepo anawona zinyama zazikulu zochuluka kuposa kwina kulikonse kumene anapondako mu Afirika: njati, mbidzi ndi njovu zikudya mosatekeseka. Kuchoka apo gululo linatsata gombe la kumpoto la Zambezi, linadutsa matsiriro a Chongwe, ndi kufika ku Zumbo chapakati pa January 1856.

Zimene zinadabwitsa mlendoyo zinali zamasiku onse kwa eni dziko. Makolo athu sanali kukonza maulendo okawona zinyama. Zinyamazo ndizo zinali kudza kwa iwo, ndipo munthu wosazidziŵa anali kugona ndi njala kapena kutaya moyo. Mnyamata wolonda mapira pansanja anali kudziŵa nthaŵi imene nguluwe zimatuluka. Mayi wopita kudambo mmamaŵa anali kusiyanitsa phazi la fisi ndi la nyalugwe, pakuti fisi amasiya zikhadabo padothi pamene nyalugwe amayenda atazibisa. Mlenje anali kumwaza phulusa kuti adziŵe kumene mphepo ikupita asanayandikire njati.

Sitikunena kuti anthu ndi zinyama anali kukhala mwamtendere. Mikango inali kugwira ziŵeto ndi anthu omwe. Njovu zinali kumaliza munda usiku umodzi. Anthu nawonso anali kusaka ndi mikondo, maukonde ndi mbuna. Koma kusakako kunali ndi malamulo ake. M'madera ambiri a chigwa cha Zambezi, njovu ikaphedwa, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mfumu mwini dziko. Ndiponso zinyama zinaloŵa m'nthano, m'miyambi ndi m'maina a mafuko. Kodi m'kalasi mwanu mulibe mwana wa a Njovu, a Ngoma kapena a Nguluwe?

Minyanga, Mfuti ndi Mliri

Kusintha koyamba kunadza ndi malonda. M'zaka za zana la 19, minyanga ya njovu inali kufunidwa kwambiri ku India, ku Ulaya ndi ku Amereka, kumene anali kupangira zibangili, zipeso, mipira ya maseŵera a biliyadi ndi makiyi a piyano. Amene anakhutiritsa njala imeneyo m'chigwa cha Zambezi anali Achikunda. Iwo anayamba monga akapolo onyamula zida a eni minda ikuluikulu ya Apwitikizi ku Tete ndi ku Sena, ndipo pambuyo pake anatchuka monga akatswiri opha njovu.

Pofika m'ma 1870 ndi 1880, atsogoleri monga Kanyemba ndi Matakenya anali ndi malinga ndi magulu ankhondo kufupi ndi Zumbo, pamene Luangwa amakumana ndi Zambezi. Njovu zikatha pamalo amodzi, alenje awo anali kusunthira kumtunda ndi mfuti zawo za gogodera. Sanali kufuna minyanga yokha. Anali kugwiranso anthu, ndipo Ansenga, Asoli ndi anansi awo anavutika kwambiri. Nkhani za makolo zimasimba za Mukamambo woyamba, mfumu yachikazi ya Asoli, amene anali kubisa anthu ake kwa adani. Chotero tsoka la njovu ndi tsoka la anthu zinayendera limodzi.

Ndiyeno kunadza mdani wosawoneka. Mu 1887, mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest unaloŵa mu Afirika padoko la Massawa, ku Eritrea, ndi ng'ombe zochokera kunja. Unatsika kum'mwera monga moto wa lupsa, ndipo mu 1896 unawoloka Zambezi. M'madera ambiri unapha ng'ombe zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse. Unaphanso njati, nchefu, ngoma ndi njiri zosaŵerengeka. Njovu ndi mbidzi sunazikhudze, koma tchire linakhala zii kwa zaka zambiri. Nthendayo inalengezedwa kuti yatha padziko lonse mu 2011, patapita zaka zoposa 100.

Mipanda ndi Malaisensi

Zinyama zinayambanso kuswana, koma zinapeza dziko litasintha. Mu 1905 njanji yochokera kum'mwera inafika pamudzi wa nyakwaŵa yotchedwa Lusaaka, ndipo siteshoni yaing'ono ya pamenepo inatenga dzina lake. Alimi achizungu anapatsidwa malo achonde m'mbali mwa njanjiyo. Kumapeto kwa ma 1920 boma la atsamunda linapatula malo otchedwa Native Reserves, ndipo midzi yambiri inasamutsidwira kumeneko. Mu 1935 Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia.

Mafamu, mipanda yawaya ndi misewu zinapitikitsa zinyama zazikulu kumtunda. Zotsala zinathaŵira kumapiri ndi kuchigwa, kumene ntchentche ya kashembe, yopha ng'ombe ndi kupatsa anthu kaodzera, inachititsa midzi kukhala yochepa. Lerolino dzina la msewu wa Leopards Hill, kutanthauza phiri la anyalugwe, latsala monga chikumbutso. Ambiri oyenda pamsewuwo saganiza nkomwe za mwini dzinalo.

Malamulo nawonso anasintha. Kusaka nyama zazikulu kunafuna laisensi yolipira ndalama, mbuna ndi misampha zinaletsedwa, ndipo mfuti ndi onga zinaikidwa malire. Mlendo wandalama anali kupha njovu mwalamulo ndi kujambulitsa chithunzi ataiponda. Mwini mudzi wopha gwape kaamba ka ndiwo anatchedwa mbala. Pamene malo osungirako zinyama anakhazikitsidwa, monga a ku Luangwa mu 1938 ndi paki ya Kafue mu 1950, anthu ena anachotsedwamo. Kuyambira pamenepo ambiri anayamba kunena kuti zinyama "nza boma." Mawu amenewo akali kumveka, ndipo awononga zambiri. Kodi ndani amasamala chinthu chimene anauzidwa kuti sichake?

Mfumu Nsefu Ayesa Njira Ina

Kuwona zinyama popanda kuzipha, monga ntchito yobweretsa ndalama, kunayambira kum'maŵa, m'chigwa cha Luangwa. Norman Carr, wobadwira ku Chinde m'Mozambique mu 1912, anayamba ntchito yake monga wopha njovu zowononga minda. Pambuyo pake anafika pakulingalira kuti njovu yamoyo ingathe kudyetsa mudzi kwa zaka zambiri, pamene yakufa imadyedwa mlungu umodzi.

Mu 1950 iye anakambitsirana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda, ndipo mfumuyo inavomera kupatula mbali ya dziko lake kuti ikhale malo a zinyama. Pamenepo panamangidwa msasa woyamba m'dziko lino wolandira alendo odzawona zinyama, ndipo ndalama zake zinali kupita kuthumba la ufumu wa Akunda. Tawonani mfundo yake: malowo anaperekedwa ndi mfumu, ndipo phindu lake linali kubwerera kwa anthu ake.

Carr anatchukanso ndi maulendo a pansi, amene alendo oŵerengeka amayenda m'tchire pamzera umodzi, mlonda wamfuti ali patsogolo. Anthu a kunja anawatcha maulendowo chinthu chatsopano. Koma amene anali kuŵerenga mapazi, kumva kulira kwa anyani ndi kudziŵa kuti nyalugwe ali pafupi anali amuna a m'midzi ya Akunda ndi Abisa, ogwiritsira ntchito nzeru ya makolo awo. Carr anamwalira mu 1997, ndipo maulendo oterowo akali kuchitika ku Luangwa, ku Kafue ndi ku Lower Zambezi.

Ana a Chongololo

Zambia atalandira ufulu mu 1964, panabuka funso lakuti: Kodi zinyama zidzakhalabe zosangalatsa alendo okha? Mu 1972 boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linalengeza mapaki ambiri, kuphatikizapo South Luangwa, ya ukulu wa masikweya kilomita 9,050. Chaka chomwecho, bungwe la Wildlife Conservation Society of Zambia linayambitsa makalabu a Chongololo m'masukulu a pulaimale. Nchosangalatsa kuti bungwelo linayamba mu 1953 monga gulu la azungu okonda kusaka.

Makalabuwo anali ndi magazini awo, ndipo pambuyo pake anakhala ndi programu ya pawailesi yotchedwa Chongololo Club of the Air. Ana a kusekondale anali ndi makalabu a Chipembele. Tafunsani makolo anu kapena aphunzitsi anu achikulire. Ambiri adzakuuzani kuti anaphunzira maina a mphalapala, chilembwe ndi nyamalikiti m'magazini amenewo, ndipo ena anawona njovu kwa nthaŵi yoyamba atakwera lole ya sukulu. Mwa njira imeneyo ana a m'tauni ndi a kumidzi anayamba kuuzidwa chinthu chimene agogo awo anachilandidwa, chakuti zinyamazo nzawo.

Koma kwa ana a ku Chongwe, njira ya kuchigwa inali yotsekeka. M'ma 1970 Zambezi anali malire a nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe. Omenyera ufulu anali kuwolokera m'chigwacho, ndipo asilikali a Rhodesia anali kuwalondola kufikira m'Zambia. Mabomba anakwiriridwa m'njira. Mu November 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa milatho ingapo m'Zambia, ndipo umodzi wa iyo unali wa pa Chongwe womwewo. Palibe mphunzitsi amene akanatengera ana ake kumeneko. Nkhondoyo itatha, chigwacho chinalengezedwa kukhala Lower Zambezi National Park mu 1983. Ukulu wake ndi masikweya kilomita 4,092, ndipo mtsinje wa Chongwe ndiwo malire ake a kumadzulo. Kutsidya la Zambezi kuli paki ya Mana Pools ya ku Zimbabwe, ndipo njovu zimasambira kuwoloka popanda pasipoti.

Zaka za Kukhetsa Mwazi

Pamene ana anali kuphunzira maina a zinyama, zinyamazo zinali kutha. Nchifukwa ninji? Zifukwa zingapo zinakumana. Mtengo wa mkuwa, umene chuma cha Zambia chinadalira, unagwa chapakati pa ma 1970. Ntchito zinasoŵa, ndipo alonda a zinyama anatsala opanda galimoto, mafuta ndi zipolopolo. Panthaŵi imodzimodziyo mtengo wa minyanga unakwera pamisika ya kunja, ndipo nkhondo za m'maiko oyandikana nafe zinadzaza dera lino ndi mfuti zowomba mosalekeza.

Kuchiyambi kwa ma 1970, chigwa cha Luangwa chokha chinali ndi njovu pafupifupi 100,000. Pofika kumapeto kwa ma 1980, zoposa theka zinali zitaphedwa. Zambia analetsa kusaka njovu mu 1982. Mu 1989 maiko a m'pangano la CITES analetsa malonda a minyanga pakati pa maiko, ndipo mu 1992 Zambia anatentha poyera matani pafupifupi 9 a minyanga. Kuŵerenga kwa pandege kwa mu 2015 kunapeza njovu pafupifupi 22,000 m'dziko lonse.

Chipembere chakuda sichinapulumuke. Nyanga yake, imene ili chabe ya mtundu umodzi ndi zikhadabo zanu, inali kugulitsidwa ku Yemen kukapangira zigwiriro za mipeni, ndi ku Asia monga mankhwala. Zambia anali ndi zipembere zikwi zambiri, koma mu 1998 zinalengezedwa kuti zatheratu m'dziko lino. Talingalirani: ana a makalabu a Chipembele anali ndi dzina la nyama imene inalibenso kwawo! Mu 2003 zipembere zisanu zinabweretsedwa pandege kuchokera ku South Africa kupita ku North Luangwa, ndipo zina zinatsatira. Ku Lower Zambezi, kumene kale zinali, simudzachiwona.

Tsokalo linaphunzitsa boma phunziro limene Mfumu Nsefu inalidziŵa mu 1950. Alonda okha sangathe kuteteza tchire ngati midzi yozungulira ikuwona nyama monga chuma cha eni ake. Chotero kumapeto kwa ma 1980 kunayambika programu ya ADMADE, yolemba ntchito anyamata a m'midzi monga alonda ndi kubwezera mbali ya ndalama kumidziko. Lamulo la mu 1998 linakhazikitsa mabungwe a m'midzi otchedwa Community Resources Boards. Kuyambira mu 2016 mapaki akhala m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife.

Zinyama Zibwerera pa Lole

Ku Lower Zambezi msasa woyamba wa alendo, Chiawa Camp, unatsegulidwa mu 1989, ndipo ina inatsatira. Mu 1994 kunapangidwa bungwe la Conservation Lower Zambezi, limene limathandiza alonda ndiponso limaitana ana a sukulu a m'midzi yozungulira kudzagona pamalo ake ndi kuloŵa m'paki. Komabe misasa yambiri imalipiritsa madola, ndipo usiku umodzi ungapose zimene banja la mlimi limapeza pamiyezi ingapo. Msewu wotsika mapiri ngwoipa, ndipo m'dzinja misasa yochuluka imatsekedwa.

Khomo lapafupi linatseguka mu 2015, pamene Lusaka National Park inayamba kulandira anthu. Paki imeneyi, ya nambala 20 m'Zambia, ili kum'mwera koma chakum'maŵa kwa mzinda, panthaka ya makolo a Asoli. Njaing'ono ndipo njotchingidwa ndi waya. Zinyama zake zambiri, monga mbidzi, nchefu, nyumbu, mphalapala ndi nyamalikiti, zinachita kubweretsedwa pamalole, ndipo potsegulira panali zipembere zoyera ziŵiri. Mu 2022 bungwe la Game Rangers International linasamutsira kumeneko malo ake olerera ana a njovu amasiye, amene kale anali ku Lilayi. Anawo akakula amapititsidwa ku Kafue kuti akazoloŵere tchire.

Pali chomvetsa chisoni pamenepa: nyama zimene zinali kuyenda zokha m'dziko lino tsopano zimafika monga katundu. Koma palinso chosangalatsa. Gulu la achichepere la ku Chongwe, ku Chalimbana kapena ku Kasisi lingathe kusonkha ndalama za minibasi, kupita mmamaŵa ndi kubwerako dzuŵa lisanaloŵe. Ndiponso nzika za Zambia zimalipira ndalama zochepa pachipata cha paki kuposa alendo akunja.

Mavuto Amene Alipobe

Tisanamizane kuti onse amakondwera ndi njovu. Njovu yaikulu ingadye chakudya cholemera makilogalamu 150 patsiku. Kwa mlimi wa ku Chiawa kapena ku Rufunsa, gulu la njovu m'munda wa chimanga limatanthauza njala ya chaka chonse, ndipo anthu ena afa poyesa kuzipitikitsa. Mvuu nazonso zimatuluka usiku kukadya m'madimba. Alimi ena amamanga mipanda ya nsanza zopakidwa tsabola, popeza njovu imadana ndi fungo lake, koma zimenezo sizithandiza nthaŵi zonse. Wachichepere wa m'tauni amene akudzudzula mlimi woteroyo ayambe wagona usiku umodzi pansanja. Ngati phindu la zinyama limapita kutali pamene mavuto ake amatsala pamudzi, mawu akale aja akuti "nza boma" adzapitirizabe.

Palinso nkhani ya mgodi. Kampani ya Mwembeshi Resources inafuna kukumba mkuwa pamalo otchedwa Kangaluwi, mkati mwenimweni mwa paki ya Lower Zambezi. Bungwe loyang'anira zachilengedwe la ZEMA linakana mu 2012, koma nduna ya boma inaloleza mu 2014, ndipo mlanduwo unakhala m'makhoti kwa zaka zambiri. Ena anafuna mgodiwo kaamba ka ntchito. Ena anawopa kuti dothi ndi mankhwala zidzatsikira m'Zambezi. Anthu zikwi zambiri, ochuluka a iwo achichepere, anasaina zikalata zotsutsa, ndipo mu 2023 boma linaimitsa ntchitoyo.

Vuto lina lili pakhomo penipeni. Mtsinje wa Chalimbana, umene umathira mu Chongwe, umayambira m'nkhalango yotchedwa Forest 27 kum'maŵa kwa Lusaka. Kuyambira mu 2017 mbali zina za nkhalangoyo zinachotsedwa pachitetezo cha lamulo kuti pamangidwe nyumba, ndipo nkhaniyo inafika kukhoti. Onjezanipo mitengo yodulidwa kaamba ka makala aja owoloka pamlatho. Mitengo ikatha, mvula imathamanga pamwamba mmalo moloŵa pansi, ndipo mtsinje umauma msanga. Chaka ndi chaka, pamwambo wa Chakwela Makumbi, Asoli amasonkhana ndi mfumu yawo kupempha mvula dzinja lisanayambe. Mvula imeneyo ikagwa, imamwetsa mudzi wa kumtunda ndi mvuu ya kumunsi. Mpopi wa pa Chongwe ukauma, dziŵani kuti maiŵe a kumatsiriro nawonso akuchepa.

Pitani Mukadziwonere

Kodi mbiri yonseyi ikutiphunzitsanji? Zinyama zinatha mofulumira panthaŵi imene eni dziko anaikidwa patali nazo, ndipo zinapeza mpumulo pamene mafumu, midzi ndi ana a sukulu anabwezeredwa mbali yawo. Munthu salirira chimene sanachiwonepo. Chotero ulendo wa gulu lanu suli chabe tsiku lodya mabanzi ndi kujambulana. Ndiko kukatenganso choloŵa chimene chinatayika.

Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira June kufikira October, pamene udzu wagwa ndipo zinyama zimasonkhana pamadzi. M'chigwa cha Zambezi, m'miyezi yotentha, mitengo ya msangu imagwetsa nyemba zake, ndipo njovu, nswala ndi anyani zimadyera pamodzi pansi pake. Fikani mmamaŵa kapena chakumadzulo, pakuti masana nyama zimabisala pamthunzi. Valani zovala zosaŵala. Zimitsani nyimbo ndipo lankhulani monong'ona. Musatuluke m'galimoto popanda chilolezo cha mlonda, musapatse nyama chakudya, ndipo musaime pakati pa mvuu ndi madzi kapena pakati pa njovu ndi mwana wake. Njovu imakhala ndi bere kwa miyezi 22, ndipo siseŵera ndi aliyense woyandikira mwanayo.

Koposa zonse, musathamange. Akulu anati kuwona maso a nkhono nkudekha. Khalani pamalo amodzi kwa theka la ola ndi kope m'manja. Kodi ndani akutsogolera gulu la njovu? Mudzapeza kuti ndi njovu yaikazi yokalamba. Kodi njiri imatani ndi mchira wake pothaŵa? Kodi mizera ya mbidzi ziŵiri njofanana? Lembani zimene mwawona, tsiku lake ndi malo ake.

Ndipo musanapite, chezerani agogo. Afunseni maina a zinyama m'Chisoli, m'Chinsenga kapena m'Chinyanja, malo amene zinali kumwera, ndi chaka chimene anamva mkango komaliza. Lembani zimenezonso, pakuti mabuku a alendo alibe mbiri imeneyo. Ngati malo alipo m'minibasi, atengeni agogowo. Mwina iwo ndiwo adzayamba kuwona phazi padothi, mlonda asanaloze.

Ndiyeno pamsonkhano wotsatira funsaninso funso lija, ndipo ŵerenganinso manja.